Wokhala Kumbuyo Ndiye Muyeso wa Ulendo

 Njinga zamoto zadzaza m'boma lathu la Ntcheu. Zaka 20 zapitazo njinga yamoto inali ya mlangizi wa zaulimi, ya wa zaumoyo, kapena ya wansembe wopita kukapemphereza kumidzi. Lero mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano ali nayo, mphunzitsi wa ku Kasinje ali nayo, ndipo pa depoti anyamata a kabaza amachita kulimbirana munthu mmodzi. Munthu akagula njinga, sipapita nthawi lisanafike tsiku loti atenge mkazi wake, kapena bwenzi limene akufuna kumanga nalo banja, n'kupita naye kutali: kukaonekera kwa makolo ku Lilongwe, ku ukwati ku Blantyre, kapena kunyanja pa Khirisimasi. Mfundo yanga ndi imodzi. Ulendo wautali woyamba uyenera kuyezedwa pa munthu wokhala kumbuyo. Liwiro lake, kutalika kwake, nthawi yonyamukira, malo opumira, ngakhale ndalama zoyamba kuwononga, zonsezi zichokere pa zimene wakumbuyoyo angathe, osati pa zimene woyendetsa anazolowera. Ndizinena za abambo poyendetsa ndi amayi kumbuyo chifukwa ndi mmene zimakhalira kawirikawiri kuno, koma amayi oyendetsa alipo, ndipo abambo akakhala kumbuyo kwawo zonsezi zimawakhudza chimodzimodzi.

Chimene chimanamiza woyendetsa ndi kuzolowera kwake komwe. Mwamuna amene wakhala akutsitsa matumba a mbatata kuchokera ku Tsangano mpaka pa msewu wa phula amanena moona mtima kuti kulemera sakuopa. Wanyamulapo makilogalamu 100 m'matope, ndiye mkazi wa makilogalamu 60 pa phula angamuvute chiyani? Kuwerengera kumeneku kuli ndi pobowoka. Thumba amalimanga ndi mphira, likakhala lakhala. Njinga ikapendekera kumanzere, nalo limapendekera komweko. Munthu ali ndi maso, ali ndi mantha, ndipo thupi lake limachita zinthu iye asanaganize n'komwe. Njinga yamoto imakhota popendekera mkati mwa kona. Amene sanazolowere akaona phula likuyandikira bondo lake, thupi limadziwongola lokha kuthawira mbali inayo, ndipo makilogalamu 60 aja, amene akhala pamwamba komanso chakumbuyo, amaidzutsa njinga pakati penipeni pa kona. Njinga yodzuka imapita molunjika, ndipo pa kona kulunjika ndiko kulowa m'tchire, kapena kukakumana maso ndi maso ndi basi yochokera ku Lilongwe. Zikatero woyendetsa amakalipa kuti mayi akutekeseka, chonsecho mayiyo sanalakwe kanthu. Wachita zimene thupi la munthu aliyense limachita pamene palibe analiphunzitsa.

Nayo njinga imasintha khalidwe. Njinga zathu zambiri ndi za injini ya 125cc kapena 150cc, ndipo yotere imalemera makilogalamu apakati pa 110 ndi 130. Tiyerekeze ya 120 ndi woyendetsa wa 65, pamodzi 185. Onjezanipo mayi wa 60 ndi chikwama cha 20, mwafika pa 265. Kulemera kwakwera ndi pafupifupi theka, koma mabuleki ndi omwe aja, ndipo pa mtsetse wautali amatentha msanga n'kuyamba kufooka. Zowonjezerazo zatsamira pa tayala lakumbuyo, motero lakutsogolo limapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama, ndipo nyali imaloza m'mitengo m'malo moloza pamsewu. Opanga njinga amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake kabuku kobwera ndi njinga kamapereka miyeso iwiri ya mpweya wa tayala lakumbuyo, wa munthu mmodzi ndi wa anthu awiri. Mashoko akumbuyo a njinga zambiri ali ndi mano kumunsi kwake, oti munthu apotoze kuti alimbe akanyamula wina. Kwa makaniko aliyense wa pa boma imeneyi ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma amene amaichita ndi owerengeka, pakuti ambiri a ife timayeza mpweya pomenya tayala ndi chidendene.

Pa zifukwa zimenezi, ulendo wautali usakhale phunziro loyamba. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Bwalo la mpira la pasukulu Loweruka masana likwanira: mayi aphunzire kudikira mpaka bambo atapondetsa mapazi onse pansi, atagwira buleki, n'kunena kuti "kwerani", ndipo akwerere kumanzere, chifukwa kumanja kuli ekizozi imene yasiya zipsera pa akatumba a amayi ambiri. Mapazi akhale pa zopondera nthawi zonse, ngakhale njinga itaima pa rodibuloko. Pa kona asachite chilichonse chapadera, angoyang'ana pamwamba pa phewa la bambo la mbali imene akukhoterayo, thupi lidzatsatira lokha. Akafuna kukhala bwino pa mpando achite zimenezo pa msewu wowongoka, osati njinga ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu, pakuti m'pamene imakhala yosachedwa kugwa. Kenaka ayesere msewu weniweni, kufika pa Biriwiri n'kubwerera, sabata inayo kufika ku Lizulu. Pali kanthu kena kamene timachita nako manyazi kukatchula. Mwambo wathu sulola mwamuna ndi mkazi kugwiranagwirana pagulu, choncho mudzaona mayi atakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, mpata wa chikhatho pakati pa iye ndi mwamuna wake, dzanja limodzi litagwira kaliyala kumbuyo, linalo litafumbata kachikwama. Ulemuwo ndi wabwino poyenda pansi. Pa njinga, bambo akaponda buleki mwadzidzidzi, mayi amatsetsereka mpata wonsewo n'kudzamenya msana wa woyendetsa pa nthawi imene manja ake akulimbana ndi chiwongolero. Ayandikire, apane ndi mawondo, agwire m'chiuno. Apongozi akaona, adziwa kuti mwana wawo akusamalidwa.

Chovuta kuposa zonsezi si cha thupi. Woyendetsa amaona msewu wonse, amadziwa kuti aponda buleki pati, ndipo dzenje amaliona lisanafike n'kulimbitsa miyendo. Wakumbuyo amaona chipewa cha mnzake ndi mbali za msewu basi. Dzenje limamufikira m'msana popanda chenjezo. Alibe buleki, alibe chiwongolero, ndipo mphepo imameza mawu ake. Moyo wake wonse waupereka m'manja mwa wina, ndipo chokhacho chimene chatsala kwa iye ndicho kutha kunena kuti "imani". Ngati nachonso sichigwira ntchito, ndiye kuti sali pa ulendo, akungotengedwa. Asananyamuke agwirizane zizindikiro: kugogoda paphewa kamodzi ndi kuchepetsa liwiro, kawiri ndi kuima. Komanso agwirizane chachikulu, choti chizindikirocho sichifunsidwa chifukwa. Bambo amene akaimitsidwa amayamba ndi "Kodi make mwana, mantha ake ati amenewa?" waphunzitsa mkazi wake kukhala chete, ndipo ulendo wotsatira mayiyo adzapirira dzanzi, mkodzo, chizungulire ngakhale tulo osanena, mpaka thupi lidzanene lokha pogwa. Abambo ena amaona ngati kuimitsidwa ndi mkazi n'kunyozedwa luso. Ena, makamaka achinyamata amene akufunsira, amakoka moto dala kuti mtsikana akuwe n'kuwagwiritsitsa. Ine sindiona luso pamenepo. Woyendetsa waluso amadziwika ndi ichi, kuti posintha magiya ndi poponda buleki zipewa za awiriwo sizigundana.

Tifike tsopano pa nkhani ya kakhalidwe pa mpando, imene ndikudziwa kuti ena mwa inu simugwirizana nane. Amayi ambiri kuno amakhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, monga ankachitira pa njinga yakapalasa. Chifukwa chake n'chomveka: chitenje sichilola kutangadza, ndipo mayi wolemekezeka safuna kuonetsa miyendo pa msika. Koma taonani zimene kakhalidwe kameneka kamachita. Phazi limodzi lokha ndi limene limapeza popondera, linalo limalendewera pafupi ndi masipoko. Mawondo alibe chopana. Kulemera kumakokera mbali imodzi, ndipo njinga ikakhotera mbali imene mayi wapatsa msana, iye amagwa chagada, nkhongo n'kuyamba kufika pa phula. Pa njinga yakapalasa yothamanga makilomita 15 pa ola munthu amadumpha n'kuima; pa makilomita 60 palibe amadumpha. Malamulo a pamsewu a ku South Africa ndi a ku Britain amanena mosabisa kuti wokwera kumbuyo akhale motangadza, mapazi onse pa zopondera. Mu 2013 akuluakulu a mzinda wa Lhokseumawe ku Aceh, m'dziko la Indonesia, analamula zosiyana ndi zimenezi, kuti amayi asamakhale motangadza ati pofuna kusunga ulemu, ndipo anthu ambiri m'dzikomo anadzudzula lamulolo ponena kuti likuika miyoyo ya amayi pachiswe. Mkangano wa ulemu ndi chitetezo si wathu tokha.

Chitenje chomwecho chili ndi ngozi yakeyake. Nsonga yake ikamasuka ndi mphepo imatsikira pa tayala lakumbuyo, ndipo masipoko kapena tcheni zikaigwira sizitaya. Zimakulunga nsalu yonse m'kuphethira kwa diso n'kumukokera munthu pansi, mwinanso kumanga tayala njinga ili pa liwiro. Katswiri wovina wa ku America, Isadora Duncan, anafa mu 1927 mu mzinda wa Nice ku France pamene mpango wake wautali unakodwa mu tayala la galimoto yopanda denga. Ku India, kumene amayi amavala nsalu zazitali zotchedwa sari, lamulo limakakamiza kuti njinga yamoto ikhale ndi chotchinga pa tayala lakumbuyo, ndipo n'chifukwa chake njinga zina zopangidwa kumeneko zimafika kuno ndi kachitsulo konga sefa kumanzere kwa tayala. Anyamata athu ena amakachotsa ati kakuipitsa njinga. Kabwezereni. Wina anena kuti, kodi ukufuna akazi athu azivala mabuluku ngati amuna? Funsoli lili ndi mbiri m'dziko lino. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza mpaka linachotsedwa mu 1993, ndipo mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe anavula amayi ovala mathalauza, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachita kulankhulapo kuti amayi ali ndi ufulu wovala zimene afuna. Sindinabwere kudzathetsa mkangano umenewo. Ndingonena kuti amayi a m'midzi yathu anapeza kale njira: buluku lochindikala mkati, chitenje chopindidwa bwino m'chikwama, ndipo mukatsala pang'ono kufika kwa apongozi mumaima pansi pa mtengo, mayi n'kumanga chitenje chake, n'kulowa m'mudzi mwaulemu wonse. Palibe mwambo wa Chingoni umene waphwanyidwa pamenepo. Nsapato nazo zikhale zotseka. Patapata amavuka ndi mphepo, ndipo phazi lofunafuna patapata ndi limene limalowa m'masipoko.

Za helemeti ndinena mwachidule zimene zimadziwika. Mu 1935 msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anagwa pa njinga yamoto n'kufa ndi mabala a m'mutu. Mmodzi mwa madokotala amene anamusamalira, Hugh Cairns, anayamba kufufuza imfa za oyendetsa njinga zamoto, ndipo mu 1941 asilikali a dzikolo analamulidwa kuvala zipewa zodzitetezera. Kuchokera pamenepo kafukufuku wachitika m'mayiko ambiri, ndipo atamuphatikiza pamodzi anapeza kuti helemeti imachepetsa mpata wa imfa pa ngozi ndi pafupifupi 42 peresenti, ndipo kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linagwiritsapo ntchito manambala amenewa. Lamulo la pamsewu la dziko lino limafuna kuti onse awiri avale, woyendetsa ndi wokwera yemwe. Koma imani pa msewu wa M1 muwerenge: helemeti ikakhala imodzi, ili pamutu pa bambo, mayi ali ndi duku. Ndiye kuti banjalo linakhala pansi, kapena silinakhale n'komwe, n'kugamula kuti mutu woyenera kutetezedwa ndi umodzi. Ku Kigali m'dziko la Rwanda wa kabaza aliyense amayenda ndi zipewa ziwiri, ndipo Rwanda si dziko la anthu olemera. Amene akuti ndalama yachiwiri palibe ndimumvetsa, zinthu zakwera mtengo, koma yankho lake n'lakuti ulendowo sunapse. Audikire mpaka atakolola. Kuvula yake n'kupatsa mkazi kumaoneka chikondi, koma woyendetsa akavulala m'mutu, kapena kachirombo kakangomulowa m'diso, onse awiri ali pansi.

Amayi nawo ali ndi zifukwa zawo zokanira, ndipo n'zoona: zipewa za pa kabaza zimanunkha thukuta la anthu osawerengeka, ndipo tsitsi lomangitsa dzulo ku saluni limaphwanyika. N'chifukwa chake mayi ayenera kukhala ndi helemeti yakeyake, yoyesa pamutu pake iye ali pomwepo, osati yongomugulira. Ikhale yogwira masaya, yosazungulira akapukusa mutu, ndipo ngati tsitsi lomanga silikulowa, tsitsilo likamangidwe kumene mukupitako. Lamba wa pachibwano amangidwe mpaka pangotsala polowa chala. Helemeti yosamanga imachoka mutu usanafike pansi. Chipewa cha amisiri omanga nyumba si helemeti, ndipo imene inamenyekapo kale pa ngozi yatha ntchito ngakhale ikuoneka yosalala, chifukwa chofewa cha mkati chimaphwanyika kamodzi kokha. Pa lamba wa zipewa zoyesedwa bwino pamakhala kansalu kosokerera kokhala ndi chilembo E m'kabwalo. Funsani wogulitsa akuonetseni.

Msewu wathu nawo uli ndi zake. M1 imadutsa m'boma lino kuchokera kumalire ndi Dedza mpaka kupitirira Senzani, ndipo ndi msewu wa mathiraki ndi mabasi a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Malo ambiri phula linadyeka m'mbali, motero thiraki ikamakupitirirani mulibe kothawira, ndipo mphepo yake imakankha njinga kenaka n'kuikoka. Woyendetsa anazolowera, koma wakumbuyo amadzidzimuka, ndipo tanena kale chimene kudzidzimuka kwake kumachita. Misika yathu inamera pa phula penipeni. Pa Lizulu tsiku la msika, kabichi ndi tomato mbali ino, Mozambique mbali inayo, anthu amawoloka osayang'ana. Pa mphambano ya ku Tsangano n'chimodzimodzi. Ndipo a ku Kampepuza sanaiwale za 2019 pamene thiraki inalowa mumsika n'kupha anthu ambiri tsiku limodzi. Pa makilomita 60 pa ola njinga imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti mbuzi ikatulukira, mwadutsa kale mamita amenewo phazi lisanafike pa buleki. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Ndiye onjezanipo makilogalamu 80 aja. Nyengo nayo imasintha pa mtunda waufupi: m'mwezi wa June ndi July kumtunda kwa Lizulu ndi Tsangano kumazizira mpaka zala kuuma, nkhungu n'kutseka msewu m'mamawa, chonsecho m'chigwa cha Bwanje, ku Bilira ndi ku Sharpe Valley, munthu akutuluka thukuta. Wakumbuyo sagwira ntchito iliyonse yomutenthetsa thupi, ndiye amazizidwa msanga. Jekete yochindikala ikhale yake. Ndipo wopita kunyanja ali ndi njira zingapo, monga yotsika phiri la Khwekhwerere kuchokera pa Masasa kukafika ku Golomoti, ndi yodzera ku Balaka ndi Liwonde. Ya Khwekhwerere ndi yokongola, koma ndi makona okhaokha pa mtsetse, malo ofuna giya yotsika ndi wakumbuyo wodziwa kupendekera. Ulendo woyamba udzere kwina, Khwekhwerere sathawa.

Apa wina adzuka n'kunena kuti zonsezi n'zokokomeza. Amayi a kuno amakwera kabaza tsiku lililonse, ena awiriawiri ndi mwana kumsana, ndipo amafika. N'zoona, ambiri amafika. Koma amene sanafike simuwapeza pa depoti kuti akuuzeni. Ali pa chipatala cha boma pano, ndipo othyoka kwambiri anawatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene madokotala a mafupa akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa ovulala pa njinga zamoto. Komanso kabaza wa mphindi khumi kuchokera kumsika sakonzekeretsa munthu ulendo wa maola anayi. Ntcheu ali pafupifupi pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo kulikonse mwa kuwiriku ndi makilomita pafupifupi 150. Pa ulendo wotere zimene zimagwetsa anthu zimabwera mochedwa. Ola loyamba ndi nthabwala. Lachiwiri matako ayamba kuwawa, miyendo yachita dzanzi, khosi latopa ndi kulimbana ndi mphepo. Lachitatu kulira kwa injini kosasinthasintha kumabweretsa tulo, ndipo wakumbuyo, amene alibe chochita, ndiye amayamba kusinza. Woyendetsa akamva chipewa cha mnzake chikugogoda pa chake popanda buleki, aime pomwepo. Kupuma pakatha ola lililonse, kutsika, kuwongola miyendo, kumwa madzi, si ulesi. Ndipo malo opumirawo asankhidwe poganizira mayi: bambo amangotembenukira ku mtengo uliwonse, mayi amafuna pobisika, ndipo ambiri amakana kumwa madzi tsiku lonse poopa zimenezi, n'kufika mutu ukuwawa.

Katundu ndiye amatigonjetsa tonse, chifukwa kwa apongozi sapita chimanjamanja. Thumba la ufa, nkhuku, mbatata, kabichi wa pa Lizulu wotchipa moti munthu sangamusiye. Zonsezi zikamangidwa pa kaliyala zimamukankhira mayi kutsogolo, mayi n'kumukankhira bambo pa thanki, ndipo zikapanda kukwana mayi amapatsidwa chikwama chachikulu kumsana chimene chimamukokera chagada pa chitunda chilichonse, kapena nkhuku m'manja amene anayenera kugwirira. Tumizani katunduyo pa minibasi dzulo lake, kapena kagulireni komweko. Za mwana wakhanda kumsana ndilibe mawu ofewetsa: palibe helemeti yomukwana, khosi lake silingapirire kugwedezeka, ndipo mayi akagwa chagada amagwera pa iye. Banja loyenda ndi khanda likwere basi. Mayi woyembekezera nayenso akwere basi.

Pamenepa ena afunsa funso limene ndimaliona lamphamvu kuposa onse: ngati pakufunika zonsezi, chipewa chachiwiri, jekete, masabata oyeserera, kupuma ola lililonse, bwanji osangokwera minibasi? Nthawi zina yankho loona n'lakuti kwerani minibasi. M'nyengo ya mvula, pa ulendo wa maliro umene mitima ili yosweka ndipo nthawi ikuthamangitsa, kapena ngati kufika kwake kudzakhala kwa usiku, njinga isiyeni. Usiku pa M1 pali ngolo zopanda nyali, apanjinga ovala zakuda, ndi magalimoto a diso limodzi amene amaoneka ngati njinga inzanu. Koma sindingauze anthu a ku Ntcheu kuti asiye njinga, pamene midzi yambiri ya ku Tsangano, ku Kandeu ndi kuseri kwa mapiri a Kirk Range minibasi siifika, ndipo petulo wa njinga wa anthu awiri nthawi zambiri amachepa poyerekeza ndi matikiti awiri. Njinga yapatsa mabanja ufulu woyenda pa nthawi yawo, ndipo ulendo wa awiri pa njinga, kukazizira bwino m'mapiri athuwa, ndi chinthu chokoma. Chimene ndikukana ndi kuwerengera kumene kumaika phindu lonse kwa woyendetsa ndi zopweteka zonse kwa wokwera. Ndalama yopulumutsidwa pa tikiti, ngati yapulumutsidwa posagula chipewa chachiwiri, yachotsedwa pa mutu wa mayi.

Tikumbukirenso kuti pa njinga imodziyo pakwera nyumba yonse. Bambo akagwa yekha, mayi amatsala kulima, kudikirira kuchipatala, kulera ana. Akagwa onse awiri, ana amagawidwa kwa achibale. Ichi chokha chikwanira kuti bambo amene amayenda 80 ali yekha atsike pa 60 akanyamula mkazi wake, ndiponso kuti pa ukwati kapena pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, kumene mowa suchepa, woyendetsa asalawe ngakhale chipanda chimodzi ngati akubwerera tsiku lomwelo. Mapepala nawo akhale m'malo: laisensi ya njinga yamoto, nambala, ndi inshuwalansi. Ambiri timawaona ngati zongokondweretsa apolisi apamsewu, ndipo wopanda mapepala amakhotera m'tinjira ta m'minda pothawa rodibuloko, mayi ali kumbuyo akudumphadumpha. Pa ngozi, mapepala omwewo ndi amene amatsegula njira ya chipukuta misozi. Wachibale mmodzi kunyumba adziwe njira imene mwadzera ndi nthawi imene mukuyembekezeka kufika, ndipo foni ya mayi ikhale ndi moto ndi mayunitsi akeake, pakuti ya bambo ikhoza kusweka naye limodzi. Thanki idzadzidwe pa filing'i musananyamuke, poti petulo amatha kusowa mosachenjeza, ndipo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu simudziwa chimene anathiramo.

Potsiriza pali ulendo wobwerera, umene anthu saukonzekera. Mukafika, funsani mayi mmene wayendera, ndipo funsani muli awiri, osati pamaso pa abale pamene aliyense amayankha kuti tayenda bwino. Mwina anena kuti mpando ukupweteka, kuti pa makona a kwakutikwakuti munathamanga, kuti chipewa chikufinya pamphumi. Zimenezo zikonzedwe musanatembenuke. Mwinanso anena kuti iye abwerera pa basi. Ndalama ya tikiti imeneyo ikhale itapatulidwa kale musanachoke ku Ntcheu, ndipo iperekedwe popanda kunyogodola kapena kukaisandutsa nthabwala ya pa bawo. Ena akatero amadzakweranso mwezi wotsatira pa ulendo waufupi, ena sadzakweranso ulendo wautali, ndipo bambo apitiriza kuyenda yekha pa njinga, mayi n'kumamupeza komweko pa basi.